Mmene Chigumbu cha Fupa Chimasinthira Mtundu

 Nkhani ya lero ndi ya mpeni wopinda, uja wokhala m'thumba, makamaka umene chigumbu chake ndi cha fupa. Chigumbu chotere chimachoka m'manja mwa mmisiri chili choyera. Pakapita zaka chimasanduka chachikasu. China chimafiirira, china chimada, china chimachita mawanga obiriwira pamene pali timisomali. Mipeni iwiri yogulidwa tsiku limodzi m'sitolo imodzi, ikadzakumananso patapita zaka khumi, sifanana. Kodi chimasintha n'chiyani? Nanga mtundu umenewu ungauze munthu zaka za mpeniwo?

Yankho lagona pa mfundo imodzi, ndipo mfundoyi imveka kangapo m'nkhani ino. Fupa limamwa. Limamwa mafuta, limamwa madzi, limamwa utsi ndi dzimbiri. Chimene chalowa m'fupa ndicho chimaoneka kunja.

Poyamba, fupa lenilenilo. Likauma limaoneka lolimba gwa, koma si mwala. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake ndi mchere wouma wa kashiamu ndi fosiforasi. Mcherewu ndiwo umaliyeretsa ndi kulilimbitsa. Gawo lotsalalo kwakukulu ndi timaulusi totchedwa kolajeni. Aliyense amene anaphikapo mang'ina amaidziwa kolajeni, chifukwa ndiyo imalimbitsa msuzi ukazizira. Timaulusi timeneti ndito timachititsa kuti fupa lisaphwanyike msanga likagwa pansi. M'kati mwa fupa mulinso tinjira ting'onoting'ono tambirimbiri, momwe munkadutsa mitsempha ya magazi nyamayo ili moyo. Nyama ikafa mitsempha imaola, koma tinjirato timatsala. Mmisiri akapala fupa ndi tupa n'kulisalaza, amadula tinjira timeneti, ndipo pakamwa pake pamakhala potsegula. N'chimodzimodzi mtsuko wadothi, umene umaoneka wolimba koma madzi amayenda m'khoma mwake mpaka kunja kumachita chinyezi. Apa mpomwe pagona nkhani yonse.

Si fupa lililonse limene limapanga chigumbu. Amisiri amasankha fupa la msongolo wa ng'ombe, chifukwa ndi lowongoka, lokhuthala, ndipo pakati pake ndi pothinana. Kumapeto kwake, kufupi ndi mfundo, kumakhala kofewa ndi kodzaza mafuta. Kumeneko amadula n'kutaya. Kampani ya W. R. Case & Sons ya ku Bradford, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, imene imadziwika ndi mipeni yopinda ya zigumbu za fupa, imagwiritsa ntchito mafupa a msongolo a ng'ombe za linunda zochokera ku Brazil. Ng'ombe za linunda ndizonso zadzaza m'makola a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ndiye kuti fupa limene galu amakokera kuseri kwa butchala pa Ngabu ndi la mtundu womwewo umene anthu ena amaugula mokwera mtengo utakhala pa mpeni.

Mbiri ya mipeniyi m'chigwa cha Shire muno ndi yachidule. Amang'anja anali osula zitsulo kuyambira kale, ndipo David Livingstone, amene anayenda mumtsinje wa Shire mu 1859, analemba za luso lawo. Mipeni yawo inali yosapinda. Wopinda unabwera ndi malonda. Sitima za kampani ya African Lakes, ija ya Mandala, imene inayamba mu 1878, zinkakwera mtsinje kudutsa ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, ndi ku Chiromo, mpaka kukaima kwa Katunga kufupi ndi Chikwawa. Chigwa chino ndicho chinali khomo la katundu wa ku Ulaya. Nthawi imeneyo mzinda wa Sheffield ku England unkatumiza mipeni m'mayiko onse olamulidwa ndi Angerezi, ndipo yambiri inali ya zigumbu za fupa kapena za nyanga. Pambuyo pake amuna opita kumigodi ya ku Joni, pa Wenela ndi pa Theba, ankabwerako ndi mipeni yopinda m'masutikesi mwawo. Wotchuka kwambiri ndi Okapi, umene unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa. Koma munthu asasokonezeke. Chigumbu cha Okapi wodziwika uja ndi cha mtengo, si cha fupa. Mipeni yambiri ya pamsika lero ndi ya pulasitiki kapena mtengo. Ya fupa imapezeka apo ndi apo, ina yosiyiridwa ndi agogo, ina yochokera kunja, ina yoti chigumbu chake chinathyoka ndipo mmisiri wa pamudzi anaikapo fupa.

Tsono nkhani ifike pa chinthu choyamba chosintha mtundu. Chinthu chimenechi sichichokera kunja ayi. Chili kale m'kati. Ndi mafuta a fupalo.

Fupa la msongolo limakhala ndi mafuta m'mphako mwake, aja okonda msuzi amayamwa. Ena mwa mafutawa amalowerera m'khoma la fupa. Mmisiri wodziwa ntchito amadula kumapeto konse kuwiri, amakolowola za m'kati, kenaka amaviika fupalo m'madzi ofunda a sopo. Amasintha madziwo kwa masiku ambiri. Saliwiritsa kwambiri, chifukwa moto waukulu umafooketsa timaulusi tija. Akatero amaliumitsa pamthunzi. Ntchitoyi imafuna kuleza mtima. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe ngakhale wodekha chotani, mafuta ena amatsalira.

Mafuta otsalawa sakhala malo amodzi. Kukatentha amasungunuka n'kumayenda m'tinjira tija mpaka kufika pamwamba. Kodi pali malo m'Malawi muno kumene zimenezi zingachitike msanga kuposa m'chigwa cha Shire? M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40. Mpeni uli m'thumba, pafupi ndi thupi, tsiku lonse. Pakapita nyengo zingapo zotere, pachigumbu pamatuluka mawanga achikasu owoneka onyowa, ndipo sapukutika. Mafuta akakumana ndi mpweya amasintha. Mayi aliyense amadziwa mmene mafuta ophikira amachitira akakhalitsa m'botolo lotsegula: amada, amanata, amanunkha. Zomwezo zimachitika m'fupa, koma pang'onopang'ono. Nayo kolajeni ikamakalamba imapita kuchikasu. N'chifukwa chake mpeni wosungidwa m'bokosi, wosagwiridwa ndi munthu, umapezekabe utasintha. Chikasu choyamba chimachokera m'kati.

Chachiwiri ndi dzanja, ndipo apa mpofunika kukhalitsapo, chifukwa dzanja ndilo limapatsa chigumbu kukongola kumene anthu amakusirira.

Khungu la munthu limatulutsa mafuta ake. Limatulutsanso thukuta, momwe muli madzi ndi mchere. Kuwonjezera apo, dzanja silibwera lopanda kanthu. Lachokera pa nsima ndi ndiwo. Lagwira kanyenya pachiwaya. Ladzola mafuta m'mawa. Ngati mwini wake ndi wakabaza, lagwira tcheni cha njinga. Zonsezi zimapakika pachigumbu, ndipo fupa limamwa. Tsiku limodzi sizioneka. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Chikasu chija chimazama, n'kuyamba kufiirira, ndipo fupa limene linali loyera mbee limaoneka ngati kuwala kukulowa m'kati mwake. Izi zimachitika chifukwa timabowo tomwe munali mpweya tsopano tadzaza mafuta. Fupa louma limabweza kuwala, n'chifukwa chake limayera. Fupa lokhuta mafuta limalola kuwala kulowa pang'ono, ndipo mtundu wake umaoneka wakuya.

Dzanja silipaka kokha. Limakhulanso. Pamene chala chachikulu chimakhala nthawi zonse pamasalala n'kumanyezimira. M'mphepete mwa chigumbu, momwe munali mwakuthwa, mumabulungira. Mipeni yambiri ya ku fakitale imakhala ndi timaenje tosemedwa dala pafupa, kuti isapulumuke m'manja. Pa mipeni yotere, pamwamba pa timizere pamayera chifukwa cha kukhulika, pamene m'timaenje mumada chifukwa litsiro limakhazikika mmenemo. Chigumbu chimodzi chimakhala ndi mitundu iwiri, woyera pokwera, wakuda potsika. Munthu watcheru atha kudziwa ngakhale kuti mwini mpeni anali wamanzere, poona mbali imene yatha kwambiri.

Thumba nalo limagwira ntchito yake. M'thumba muli makobili, makiyi, mchenga, mwinanso fodya. Munthu akamayenda, zonsezi zimakhudzana ndi chigumbu. Mchenga umachikanda timizere tosaoneka ndi maso, ndipo nsalu imachipukuta. Fodya amasiya kufiirira kwake, makamaka thumbalo likanyowa ndi thukuta. Mbali imene imayang'ana ntchafu imalandira kutentha ndi chinyezi chambiri kuposa inzake. N'chifukwa chake mbali ziwiri za mpeni wakale sizifanana kwenikweni.

Chachitatu ndi dzuwa. Apa pali chodabwitsa. Ambiri amaganiza kuti dzuwa limadetsa fupa. Zoona zake n'zakuti limaliyeretsa. Umboni uli kudambo. Ng'ombe ikafera kutchire nthawi ya chilala, mafupa ake amayamba ali achikasu ndi amafuta. Pakatha chaka kapena ziwiri amayera mbuu, amachita ming'alu, ndipo pamwamba pake pamafumbutuka. Kuwala kwa dzuwa kumaphwanya zinthu zimene zimabweretsa chikasu, ndipo kumaphwanyanso kolajeni. Chotsala ndi mchere woyera uja, wopanda choumanga pamodzi. Ndiye kuti mdima umabweretsa chikasu, kuwala kumabweretsa kuyera. Koma kuyera kwa dzuwa si kubwerera ku utsopano. Ndi kutha. Mpeni woiwalidwa pazenera, padenga la malata, kapena kutsogolo kwa galimoto, umayera mbali imodzi, ndipo mbali yomweyo ndi imene imayamba kung'aluka.

Moto umachita zake mwachangu. Fupa likayandikira moto limafiirira, likapitirira limada bii, kenaka limatuwa, ndipo pamoto waukulu limayera n'kuphwanyika. Mpeni wosiyidwa pafuwa nthawi yowotcha mbatata umatenga banga lofiirira mbali imodzi. Banga limenelo silichoka.

Chachinayi ndi chitsulo. Chigumbu cha mpeni wopinda ndi mapale awiri a fupa, okhomedwa ndi timisomali pa timalata ta m'kati. Timisomali ndi timalatati timakhala ta chitsulo kapena ta mkuwa. Mtundu wa banga umaulula kuti ndi ta chiyani. Pozungulira msomali pakachita kamkombero kofiira, msomaliwo ndi wachitsulo, ndipo dzimbiri lalowa m'fupa. Pakachita kobiriwira, pamenepo pali mkuwa umene wakumana ndi thukuta ndi mafuta. Kubiriwira kumeneku kumayenda m'tinjira tija, ndipo nthawi zina kumafika kutali ndi msomali. Mpeni wosungidwa nthawi yaitali m'chikwama cha chikopa umabiriwira msanga, chifukwa chikopa chimasunga chinyezi ndipo chili ndi mafuta ake. Zobiriwirazo n'zosayenera kulowa m'kamwa. Mpofunika kuzipukuta mpeni usanakhudze chakudya.

M'chigwa muno chitsulo chili ndi mdani wapadera. Mdaniyo ndi mchere. Mijigo yambiri ya m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, moti ena samweka. Mpeni wotsukidwa ndi madzi otere n'kupindidwa usanaume umagwira dzimbiri m'kati, momwe maso saona. Ndipo dzimbiri limatupa. Msomali ukatupa umakankha fupa, ndipo mng'alu umayambira pamenepo n'kuthamangira kumapeto kwa chigumbu. Mng'aluwo ukatseguka, litsiro limalowa, n'kukhala mzere wakuda. Kusinthana kwa nyengo kumathandizira. Nthawi ya dzinja fupa limamwa chinyezi n'kufufuma pang'ono. Nthawi ya chilimwe limauma n'kubwerera. Chitsulo sichitsatira kuyenda kumeneku. Chaka ndi chaka ziwirizi zimakokana, ndipo chogonja ndi fupa.

Chachisanu ndi ntchito imene mpeni umagwira. Apa m'pamene mipeni iwiri yofanana ija imasiyanirana njira.

Woyamba ukhale wa msodzi wa ku Elephant Marsh, dambo lalikulu lija la pakati pa Chikwawa ndi Chiromo. Mpeni wake umatumbula milamba, nsomba ya mafuta ambiri. Umagona m'bwato momwe muli madzi. Madzulo uli pambali pa ng'anjo yowambira nsomba. Utsi uli ndi phula lakuda, ndipo phulali limakakamira pamafuta a nsomba amene ali kale pachigumbu. Kutentha kwa ng'anjo kumazilowetsa zonse m'kati. Chigumbu chotere sichichedwa. M'zaka zochepa chimakhala chofiirira moderako, ndipo fungo la nsomba silichokamo ngakhale atachitsuka motani.

Wachiwiri ukhale wa munthu wosenda luzi kapena wodula makungwa ndi mizu ya mankhwala. M'makungwa ambiri muli madzi aja omanga m'kamwa, amene alinso m'tiyi wopanda mkaka. Paokha amadetsa fupa mofiirira. Koma akakumana ndi chitsulo amasanduka akuda mobiriwira. Umu ndi mmene anthu akale ankapangira inki. Choncho pa mpeni wa munthu wotere, kuda kumayambira pamene chitsulo chakumana ndi fupa, n'kumatsika. Magazi nawo ali ndi chitsulo chawo, ndipo mpeni wosendera mbuzi umachita timadontho tofiirira m'timabowo.

Pali chinanso chimene anthu sachiganizira. Zowawasa zimadya fupa. Bwemba, malambe, mandimu, ngakhale uchema umene wagonera n'kusasa, zonsezi zimasungunula pang'ono mchere wa kashiamu uja. Pamene zakhudza kawirikawiri pamasiya kunyezimira, pamakhala pokhakhala, ndipo pokhakhalapo pamagwira litsiro msanga. Madzi a nzimbe sadya fupa, koma amanata, ndipo fumbi ndi mwaye wa nzimbe zowotchedwa, umene anthu a ku Nchalo amaudziwa bwino, zimamatirira pamenepo.

Nanga madzi osefukira? Funso limeneli m'chigwa muno si lachilendo. Mu Januwale 2015, mu Januwale 2022 nthawi ya namondwe Ana, ndi mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy, katundu wambiri anakwiririka m'matope ku Makhanga, ku Chiromo ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa Shire ndi Ruo. Fupa likakhala m'matope limamwa madzi a masamba oola pamodzi ndi chitsulo cha m'nthaka. Limatuluka lofiirira kapena lotuwa moderako, nthawi zina la mawangamawanga. Likakhala pachinyezi limachitanso chuku, chimene chimasiya timadontho takuda. Mpeni wotere ukapezeka, choopsa chachikulu ndi kuuyanika padzuwa. Kunja kumauma msanga m'kati mukadali monyowa, ndipo fupa limang'aluka tsiku lomwelo. Umafunika kutsukidwa ndi madzi oyera, kutsegulidwa, kupukutidwa, n'kuumitsidwa pamthunzi kwa masiku angapo.

Mpaka pano nkhani yakhala ya fupa loyera. Koma mafakitale ambiri amanyika fupa mu utoto asanalikhome pa mpeni. Pali zigumbu zofiira, zobiriwira, zachikasu, zakuda. Utoto umalowa kwambiri pamwamba, koma m'kati umachepa. Ndiye dzanja ndi thumba zikamakhula, gawo la utoto wambiri limatha, ndipo pansi pake pamaoneka powala. Dzuwa nalo limafwifwitsa utoto. Chofiira chimatumbuluka, chobiriwira chimapita kofiirira. Zotsatira zake n'zosangalatsa. Fupa loyera limada ndi zaka, pamene fupa lonyikidwa limayera ndi zaka. Patapita nthawi yaitali awiriwa atha kukumana pakati, onse ali achikasu chofiirira, ngakhale anayambira kosiyana. Utoto wina, ukakhala wosagwira bwino, umatuluka ndi thukuta n'kudetsa thumba m'masabata oyamba.

Tsopano funso lija la poyamba. Kodi mtundu ungauze munthu zaka za mpeni? Yankho ndi lakuti ayi, paokha sungathe. Mpeni wa msodzi wa zaka zitatu utha kuda kuposa wa mphunzitsi wa zaka makumi atatu. Fupa losatsukidwa bwino mafuta litha kuchita chikasu m'chilimwe chimodzi. Mtundu umanena zimene zalowa m'fupa. Sunena zaka.

Ochenjera amadziwa kuti anthu amakonda zakale. Amanyika fupa latsopano m'tiyi kapena m'khofi, ena amalifukiza utsi, ena amalipaka mankhwala otchedwa potassium permanganate, amene amafiiritsa fupa m'kanthawi kochepa. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kodi wogula angazindikire bwanji? Ukalamba weniweni sufanana ponseponse. Umazama pamene dzanja limagwira, umachepa pamene silifika. Wochita kupanga umakhala wofanana mbali zonse, ndipo mbali zakuthwa za chigumbu zimakhala zikadali zakuthwa. Komanso chitsulo sichinama. Mpeni umene wagwira ntchito zaka zambiri umakhala utaphwa ndi kunoledwa, msana wake uli ndi zipsera, ndipo potsegula sulimba monga watsopano. Chigumbu chokalamba pa chitsulo chosanoledwapo n'chokayikitsa. Dzina la fakitale lodindidwa m'munsi mwa chitsulo limathandiza kwambiri kuposa mtundu wa chigumbu.

Mpofunikanso kusiyanitsa fupa ndi zinthu zina zofanana nalo, chifukwa chilichonse chimakalamba mwa njira yake. Fupa limadziwika ndi timadontho ndi timizere takuda tating'ono, toyenda motsata utali wake. Amenewo ndi makomo a tinjira ta magazi tija, ndipo fupa likamakalamba timaoneka kwambiri. Pulasitiki alibe timadontho totere. Ndi wopepuka, ndipo akakhudza tsaya sazizira monga fupa. Nyanga ya ng'ombe si fupa konse. Ndi chinthu chimodzi ndi ziboda ndi zikhadabo. Imapindika ikatenthedwa, imasendeka timagawo, ndipo tizilombo timaiboola. Mnyanga wa njovu ndi dzino. Ulibe timadontho, koma podulidwa pake pamaoneka timizere topingasana. Dzino la mvuu ndi lothinana kwambiri ndipo limachedwa kuchita chikasu, n'chifukwa chake kale ku Ulaya ankapangira mano oikirira.

Apa pali chenjezo. Dambo la Elephant Marsh linatchedwa dzinali chifukwa cha njovu zambirimbiri zimene Livingstone anaziona kumeneko. Malonda a minyanga anazitha. Ku Majete nako njovu zinatheratu, mpaka pamene bungwe la African Parks, limene linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2003, linabweretsa zina. Lamulo la nyama zakutchire la dziko lino, monga linakonzedwera mu 2017, limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu. Mvuu nayo ndi yotetezedwa. Chigumbu chikhale cha fupa la ng'ombe yophedwa pabutchala. Mafupa otola kutchire, a nyama yosadziwika chimene chinaipha, ndi oopsa. Tizilombo ta matenda a anthrax timakhala zaka zambiri m'mafupa ndi m'nthaka, ndipo matendawa anapha mvuu ku Liwonde chakumapeto kwa 2018. Wopala fupa lotere amapuma fumbi lake.

Chomaliza ndi kasamalidwe. Popeza fupa limamwa, mwini mpeni ndiye amasankha chimene limwe. Mpeni ukagwira ntchito upukutidwe ndi kansalu konyowa pang'ono, kenaka kouma. Usaviikidwe m'beseni limodzi ndi mbale. Usathiridwe madzi owira. Uume uli wotsegula, ndipo upindidwe pambuyo pake. Kamodzikamodzi, makamaka chilimwe chisanafike pachimake, kadontho ka mafuta oyera a makina osokera kapena kaphula ka njuchi kamathandiza kutseka timabowo. Mafutawa amadetsako fupa pang'ono, koma savunda. Mafuta ophikira ndi osayenera, chifukwa amavunda, amanata, ndipo amafulumizitsa chikasu chosakongola chija.

Nanga wofuna kuchiyeretsanso chigumbu atani? Ambiri amathamangira Jik. Kunena zoona, imeneyi ndi njira yoipa kuposa zonse. Jik amayeretsadi, koma amadya kolajeni, ndipo amapitiriza kudya ngakhale fupa litatsukidwa. Pakapita miyezi chigumbu chimayamba kufumbutuka. Osunga mafupa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale amagwiritsa ntchito hydrogen peroxide, mankhwala otsukira zilonda opezeka m'mafamase. Amayeretsa popanda kuwononga kwambiri, koma amadyetsa chitsulo dzimbiri, choncho apakidwe ndi kathonje pafupa pokha, osafika pa timisomali. Pa chigumbu chonyikidwa mu utoto asayandikire n'komwe, chifukwa amachotsa utotowo. Banga la mafuta limachepako munthu akapaka choko chopera n'kuchisiya usiku wonse, ngakhale mafuta ena amadzakweranso kuchokera pansi kukatentha. Sandipepa wosalala amachotsa litsiro la pamwamba, koma amachotsanso kunyezimira kumene dzanja linatenga zaka kuti likupange, ndipo amatsegula timabowo tatsopano. Banga la dzimbiri, la mkuwa ndi la moto limakhala litalowa mozama, ndipo silichoka popanda kupala fupa lenilenilo.

Mng'alu wokha ndiwo umafuna changu. Ukangooneka, utsukidwe, uume, kenaka mudonthezedwe guluu wamadzimadzi uja wouma msanga, kuti litsiro ndi chinyezi zisapeze polowera. Phale likathyokeratu, mmisiri amagogoda timisomali, amasema lina kuchokera ku fupa la msongolo louma bwino, n'kulikhoma ndi timisomali ta mkuwa, timene sititupa monga ta chitsulo. Phale latsopanolo limakhala loyera pambali pa lakale lofiirira. Ena amalinyika m'tiyi wozizira kwa maola angapo asanalikhome, kuti awiriwo ayandikirane mtundu.